Dothi Lamphamvu la Mayi Jailosi

Amene amagula tomato mumsika wa Chilomoni masiku ano amawadziwa Mayi Jailosi ngati mayi wachete, wowonjezera basela popanda kupemphedwa. Koma amene anakhalako m'zaka za m'ma 2000 akuuzani kuti mayi ameneyu anali wolongolola, ndipo sankagulitsa tomato ayi. Ankagulitsa dothi. Ee, dothi lomweli mukulipondali, ndipo musaseke, chifukwa ena mwa inu amayi anu analidya inu muli m'mimba.

Dzina lawo la ubatizo ndi Petronela. Anabadwira ku Nsanje, ndipo anabwera ku Blantyre mu 1989 madzi atakokolola mudzi wawo, pamodzi ndi amuna awo a Jailosi, kalipentala. Anapeza kanyumba ka zipinda ziwiri kumtunda kwa Chilomoni, kumene minibasi imathera, kwinako n'kumayenda wapansi. A Jailosi anamwalira mu 2002, n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi dzina lake Rejoice, matabwa angapo osapala, ndi kamunda m'mbali mwa phiri. Kamundako kanali kamiyala, chimanga chake chomvetsa chisoni. Koma pakati pake panali chulu chachikulu, chotalika kuposa munthu, ndipo chulu chimenecho ndicho chinalera Rejoice.

Ntchito ya dothi ili ndi luso lake, musaone ngati n'kungotapa pansi. Petronela sankatenga la pamwamba, lopondedwa ndi mbuzi. Ankakumba m'kati mwa chulu, n'kusankha zibuma zopanda mizu, kuziyanika pathumba masiku awiri, kuziwaza madzi amchere, kenako kuziwotcha palata mpaka zitatulutsa kafungo ka mvula yoyamba. Kafungo kameneko ndi kamene kamazunguza mutu amayi oyembekezera. Dothi la m'chulu chawo linali lofiirira, lokhala ndi timchenga tonyezimira, moti wolidziwa sakanalisokoneza ndi la munthu wina.

Benchi yoyandikana ndi yawo inali ya Hajara, mayi wachiyawo wobadwira ku Ndirande, wogulitsa nyemba ndi mpunga. Awiriwa ankaitanana kuti "achemwali", ndipo sanali mawu apakamwa chabe. Mwezi wa Ramadani, Petronela ankakadyera chinangwa chawo kuseri kwa msika kuti mnzawo asamve fungo. Lachisanu m'nyengo ya Lenti, Hajara ankabwera ndi usipa wokazinga, podziwa kuti Akatolika sadya nyama. Pamaliro a a Jailosi, Hajara anaphika masiku atatu osapita kwawo, ndipo mwana wake Hafsah anakulira limodzi ndi Rejoice pansi pa mabenchi awiri amenewa.

Tsiku lina mu September 2006, Petronela ali kumunda, kunafika anthu awiri ochokera ku yunivesite. Mmodzi anali atanyamula majumbo ndi kafosholo. Winayo, amene anadzitchula kuti Dennis, anali ndi kamashini kachikasu kofanana ndi wayilesi yaing'ono. Anati akuyeza dothi la m'minda yozungulira tauni, ndipo anapempha mwaulemu kuti ayeze m'munda mwawo. M'mizere ya chimanga kamashini kaja kankangoti te, patapita nthawi te, ngati nkhuku yokhuta ikutola. Koma atafika nako pachulu, kanayamba kuthetheka ngati mbuliwuli m'chiwaya.

"Kakuti chiyani kameneko, achimwene?" anafunsa Petronela.

"Kakuyeza rediyeshoni, mayi," anayankha Dennis.

"Rediyo? M'chulu?"

Dennis anakanda m'mutu. Anali mwana wa ku Kanjedza, wophunzira kwambiri, koma Chichewa chake chinali chodumphira m'Chizungu mawu atatu alionse. Anafunafuna mawu, n'kupeza amodzi omwe anali pafupi. "Tingoti mphamvu, mayi. Dothi lililonse lili nayo mphamvu imeneyi, imachokera ku miyala ya pansi. Kungoti la pano lili nayo yochulukirapo kuposa minda ina imene tayeza."

Anatapa dothi m'jumbo, kulemba manambala, kuthokoza, n'kumapita. Dzenje la m'chulu analiona, koma anaganiza kuti mayiyo akuumba njerwa. Sanafunse. Petronela nayenso sanafunse, ndipo akanafunsa chiyani? Kuyambira ubwana wawo, mawu oti mphamvu sanawamvepo pa chinthu choipa. Phala la soya n'lamphamvu. Feteleza wabwino n'ngwamphamvu. Pemphero la amayi a m'limana la kutchalitchi n'lamphamvu. Anthu a ku yunivesite, ovala nsapato zamtengo wapatali, anakwera phiri kudzawauza kuti dothi lawo n'lamphamvu kuposa la anthu onse. Anatsika kumunda tsiku limenelo akuimba nyimbo ya kwaya.

Mlungu womwewo Rejoice anatenga limodzi la matabwa a malemu bambo ake, n'kulembapo ndi penti yofiira kuti DOTHI LAMPHAMVU, LOYEZEDWA NDI A YUNIVESITE. Abale, chikwangwani chimenecho chinagwira ntchito kuposa wayilesi. Amayi anayamba kubwera kuchokera ku Zingwangwa, ku Bangwe, ngakhale ku Machinjiri, kukwera maminibasi awiri chifukwa cha dothi. Anamwino kusikelo ankawaletsa kudya dothi, inde, ndipo amayi ankavomera ndi mutu, n'kutuluka kupita molunjika kwa Mayi Jailosi. Petronela ankati wina akakayika, amaloza chikwangwani ndi mlomo. "Inu mwaphunzira kuposa a yunivesite?" Rejoice anamaliza Fomu 4 ndi kupita kukaphunzira zausekilitale ndi dothi lomwelo.

Mu 2008 Hafsah, mwana wa Hajara uja, anakwatiwa ku Ndirande ndipo sanachedwe kuima. Chibaba cha dothi chitamugwira, Petronela sanalole kuti agule. "Mwana wa achemwali agule kwa ine? Ndafa kodi?" Lolemba lililonse ankamusankhira zibuma zabwino kwambiri za pakati penipeni pa chulu, n'kumupatsira mayi ake. Mimba itakwana miyezi isanu ndi itatu, mwana anasiya kugunda. Anabadwa atafa kale, wamwamuna, watsitsi lambiri. Petronela analira kuposa achibale, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza za dothi. Zaka zinayamba kudutsa Hafsah osaimanso, alamu ake n'kuyamba kuyankhula zapambali zoti mchimwene wawo akuchedwa pachabe.

Kenako mu July 2013, Lachisanu masana, Hajara atapita kumzikiti, pamsika panafika bambo wina wamagalasi kudzagula nyemba. Petronela ndi amene ankayang'anira benchi ya mnzawo. Bamboyo atalandira nyemba zake sanachoke. Anaima n'kuyang'anitsitsa chikwangwani, milomo ikuyenda ngati mwana wa Sitandade 2. Anali Dennis, atanenepa pang'ono.

"Mayi, kodi si inu a munda wa chulu uja?"

"Ndine amene! Mwabwera bwino, achimwene, muone ntchito yanu. Mwandilerera mwana inu."

"Dothi limeneli anthu amatani nalo?"

"Amadya. Nanga n'kutani?"

Dennis anavula magalasi, n'kukhala pathumba la mpunga osapempha. Zaka zisanu ndi ziwiri zinali zitamuphunzitsa Chichewa, kapena manyazi ndi amene anamupezera mawu tsiku limenelo. Anafotokoza pang'onopang'ono. Anati mphamvu imene ankanena ija n'njofanana ndi ya mashini ojambulira m'chifuwa kuchipatala, aja amene salola mayi woyembekezera kuyandikira popanda chifukwa. Anati m'dothi imakhala yochepa kwambiri, moti kulima pamenepo, kuyendapo, kudya chimanga chake, si nkhani yoti munthu n'kusowa nayo tulo. "Koma kulidya dothilo, mayi, tsiku ndi tsiku, miyezi ndi miyezi, ndiye kuilowetsa m'thupi. Ndipo tisanafike n'komwe ku rediyeshoni, dothi limachepetsa magazi, limabwera ndi njoka za m'mimba. Zimenezi tinalemba mu lipoti. Koma lipotilo lili m'Chizungu, pashelefu. Ndinalakwa ndine, sindinakufunseni."

Petronela anayang'ana kumbuyo ndi kutsogolo, n'kutsitsa mawu. "Nanga mwana angafere m'mimba chifukwa cha zimenezi?"

"Ana amatayika pa zifukwa zambiri, mayi, ndipo ine si dokotala. Ndikuganiza kuti mwina si chimenecho. Koma kuti ndilumbire kuti ayi, sindingathe." Anaimirira, n'kunyamula nyemba zake. "Chotsani chikwangwanichi. Ndipo auzeni onse amene amagula kwa inu, makamaka oyembekezera. Chonde auzeni."

Mawu oti "mwina si chimenecho" anawadutsa Petronela ngati mphepo. Amene anakhazikika ndi akuti "sindingathe". Chikwangwani anachizula nthawi yomweyo, kuchikulunga m'chitenje, ndipo madzulo anachiwaza n'kuphikira nyemba. Dothi lotsala anakalitaya m'ngalande. Theka la zimene Dennis ananena analichita tsiku lomwelo. Theka linalo, louza anthu, ndi limene linawakanika.

Hajara atabwera kuchokera kumzikiti anadabwa kupeza benchi ili mbee. "Achemwali, katundu wapita kuti?"

Apa ndiye panali poyankhulira. Koma Petronela anaona nkhope ya mnzawo, anakumbukira kamtembo katsitsi lambiri kaja, ndi zibuma za Lolemba lililonse zosankhidwa ndi manja awo omwe. "Msana, achemwali," anatero. "Kukumba kwandikwana. Ndiyamba tomato."

"Ndakhala ndikukuuzani kuti mudzipha nacho chulu chimenechi," anatero Hajara, ndipo mawa lake anabwera ndi mafuta otikitira msana.

Mafuta amenewo Petronela anawalandira ndi manja awiri, n'kukawabisa kuseri kwa kabati, chifukwa kuwaona kunkawapweteka kuposa msana uliwonse. Tinene zoona, mayiyu sanali woipa mtima, koma anachita mantha, ndipo manthawo anawasandutsa wabodza. Makasitomala akabwera, onse ankauzidwa za msana. M'mawa uliwonse potsika kumsika ankakonza mawu: lero ndiwauza achemwali, tikangomwa tiyi. Ndiye Hajara amatsegula fulasiki, kuwathirira m'kapu, kuyamba nkhani za mwini nyumba wake, tsiku n'kutha. Kokalapa anapita kanayi chaka chimenecho. Analapa za mkwiyo, za miseche, za kujomba kumphakati, koma za dothi sanazitchule, ndipo ankatuluka m'tchalitchi akudzimva wakuda kuposa mmene analowera.

Chakumayambiriro kwa 2014, akupalira, anaona kuti wina wakumba m'chulu. Dzenje linali latsopano, lokumbidwa mosadziwa, mizu ili pamtunda. Anaganiza kuti ndi amayi ena a mumsika ofuna kutola bizinesi imene iwo anaisiya, ndipo anangoikapo minga. Patapita milungu iwiri anapeza minga itasunthidwa bwinobwino n'kuikidwa pambali. Anaibwezera. Kufufuza sanafufuze, chifukwa kufufuza kukanawafikitsa pofotokoza.

Nthawi yomweyo m'pamene Hajara anawanong'oneza kuti Hafsah waima, patatha zaka zisanu. Anakumbatirana pakati pa msika, onse misozi ili mbwembwembwe. Mumtima Petronela anathokoza Mulungu kuti anasiya dothi pa nthawi yake, ndipo anadziuza kuti nkhani yatha yokha, palibenso chifukwa chofukulira zakale. Komabe kanthu kanawatswanya, ndiye anati mwachidule, maso ali pa tomato, "Ulendo uno asadye dothi. Anamwino amaletsa."

Hajara anaseka mpaka kutsokomola. "Inuyo? Mwayamba liti kumvera anamwino?" Petronela anasekanso, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuseka kumeneko amakukumbukira mpaka lero.

Linali Lachiwiri m'mawa mu June, kukuzizira, chiperoni chitaphimba phiri, pamene Hafsah anatulukira pamsika pochokera kusikelo. Mimba inali ya miyezi isanu ndi iwiri. Anapereka moni atagwada pang'ono monga analeredwera, ndipo Petronela pomugwira dzanja anaona kuti zikhatho zake zayera ngati pepala, mapazi atatupa m'masilipasi.

"Kusikelo akuti bwanji, mwanawe?"

"Akuti magazi ndi ochepa, amayi aang'ono. Andipatsa mapilitsi." Anakhala pathumba la mpunga, pomwe paja anakhala Dennis, n'kupisa dzanja m'chikwama. Anatulutsa kajumbo, kubenthula kachibuma, n'kuponya m'kamwa. Dzuwa linali litangoboola nkhungu, ndipo pachala chake panatsala timchenga tonyezimira.

Petronela anagwira benchi. "Limeneli walitenga kuti?"

Hafsah anayang'ana mayi ake, ndipo Hajara anaseka kuseka kwa munthu wogwidwa akuchita zabwino. "Basi twagwidwa. Ndine wakuba wanu, achemwali. Lamulungu lililonse inu mukakhala ku Misa, ine ndimakwera kumunda kwanu ndi kakhasu. Minga yanu ija yandibaya mokwanira. Sindinafune kukuuzani, chifukwa ndikukudziwani, mukanadzikakamiza kukumba ndi msana wanuwo. Kuwotcha ndinaphunzira poonera inu zaka zonsezi." Kenako anatsitsa mawu kuti a mabenchi ena asamve. "Ulendo woyamba uja ankadya mwa apo ndi apo, n'chifukwa chake mwana anafooka. Ulendo uno ndati adye lamphamvulo tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo. Uyu yekha sitimutaya."

Petronela analanda kajumbo kaja m'manja mwa Hafsah. Kenako, mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu, anagwada pamatope a mumsika, pamaso pa ogula ndi ogulitsa, n'kunena zonse. Ananena za kamashini kachikasu, za mawu oti mphamvu, za kubweranso kwa Dennis ndi zimene anafotokoza, za chikwangwani chimene anaphikira nyemba. Ananena kuti msana wawo sunawapwetekepo ndi tsiku limodzi. Ananenanso zimene Dennis ananena, kuti mwina mwana woyamba uja sanafe ndi dothi, koma mawu amenewo anatuluka ofooka ngati akudzipepesera. Hafsah anali atalavulira m'dzanja, n'kumangoyang'ana malovu ofiirawo.

Hajara sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pachifuwa, kenako anati, "Zoyambazo sindikukuimbani mlandu. Mawu amenewo akanandipusitsa inenso, ndipo chikwangwani chija ndinathandiza kukhoma ndine. Ndingofunsa chimodzi. Bambo ameneyo anabweranso liti?"

"Chaka chatha."

"Mwezi wanji?"

"July."

Hajara anatambasula manja n'kuyamba kupinda zala, kuchokera pa May kubwerera m'mbuyo, milomo ikutchula miyezi. Zala zinakwana zisanu ndi ziwiri pa November. Anayang'ana zala zakezo kwa kanthawi, n'kuyang'ana mimba ya mwana wake.

"Ndiye kuti munadziwa mimba iyi isanayambe n'komwe," anatero. "Tamwa tiyi limodzi m'mawa uliwonse, miyezi khumi ndi umodzi. Ine n'kumakwera phiri ndi khasu."

Anadzutsa Hafsah, kumukonzera mpango, n'kunyamula chikwama chake kuti abwerere kuchipatala akawauze anamwino zonse. Petronela anali chigwadire panjira yapakati pa mabenchi. Hajara anaima patsogolo pawo.

"Mayi Jailosi," anatero, "tasunthani tidutse."

Mwana anabadwa mu August, wamkazi, wochepa thupi koma wamoyo, ndipo Hafsah anachita kuwonjezeredwa magazi. Nkhaniyi Petronela anaimva kwa mayi wogulitsa makala. Ngati dothi lija linasiya kanthu m'thupi mwa mayiyo kapena mwa mwanayo, palibe dokotala amene anganene, ndipo Petronela amadziwa kuti adzafa asakudziwa. Chulu anachigumula ndi manja awo, n'kudzalapo nthochi. Anayenda ku Zingwangwa, ku Bangwe ndi ku Machinjiri kufunafuna makasitomala akale amene ankawakumbukira, ndipo ena anawatukwana, ena anangoseka n'kunena kuti ana awo ali bwinobwino. Mpaka pano mayi woyembekezera akaima pa benchi yawo, amamuuza za dothi asanamupatse tomato, afune asafune.

Hajara sanasamuke. Benchi yake ili pomwe paja, nyemba ndi mpunga, ndipo sanauzepo munthu aliyense choipa chokhudza mnzake. Fulasiki amabwera nayo, koma kapu imakhala imodzi. M'mawa uliwonse akamayala katundu amatembenuka mwaulemu wonse n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, Mayi Jailosi?"

"Ndadzuka bwino, achemwali," amayankha Petronela, ndipo amadikira pang'ono asanayambe kuunjika tomato.